Mpini Wopanda Khasu

Zaka zimene ndinayenda sindinaziwerenge. Ndimakumbukira misewu, zipata zachitsulo ndi ntchito zimene manja anga anaphunzira, koma mukandifunsa kuti mvula inagwa kangati, ndikhoza kukunamizani. Chimene sindisokoneza ndi tsiku limene ulendowo unayamba.

Ndinali ndi ana awiri, Zakeyu ndi mlongo wake Enelesi. Bambo awo anamwalira iwo akadali aang'ono. Enelesi atakula anakwatiwa ndi Lufeyo, mwamuna wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo anamanga nyumba kuseri kwa yanga monga mwa chikamwini. Lufeyo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa njira ya kuchigayo. Anali ndi manja aluso. Njinga yoti mwini wake wataya nayo mtima, iye ankaidzutsa. Manja omwewo ndi amene ankamenya mwana wanga. Ankhoswe anakhalirapo pansi kangapo. Lufeyo ankapepesa chogwada, mwezi usanathe n'kuyambiranso.

M'mawa wina Enelesi analowa m'nyumba mwanga atagwira chibwano. Diso limodzi linali litatsekeka ndi kutupa, ndipo mano awiri anali m'dzanja lake. Sankalira. Anangotambasula dzanjalo ngati akundipatsa mbewu yoti ndimusungire. Ndikumuthowa ndi madzi ofunda, Zakeyu anafika kuchokera kudimba. Anaima pakhomo, anamuyang'ana mlongo wake, n'kutuluka kukakhala pakhonde. Anapempha madzi, anamwa. Otsalawo anatsukira matope kumapazi, chala ndi chala. Mthunzi wa nyumba unafupika mpaka dzuwa linamufika m'maondo, iye ali chikhalire. Mtima wake unkatsika, ndinkachita kuuona ukutsika. Wanga unkakwera.

Ndinatuluka n'kuima pambali pake. Ndinati, "Mbumba yako ikutha, iwe ukutsuka zala. Kodi umuna wa pakhomo pano tinaukwirira limodzi ndi bambo ako?"

Anadzuka n'kutenga mpini umene unali utatsamira nkhokwe, mpini wopanda khasu.

"Ukupita kuti?" ndinamufunsa.

"Kudimba."

Kudimba sapita ndi mpini wokha, ndinkadziwa. Ndinaima pangodya ya nyumba n'kumamuperekeza ndi maso mpaka pamtengo wa mango. Lufeyo anali atakhala pakampando kake, atawerama, akumata chubu cha njinga. Sanatembenuke n'komwe. Mpini unatsika kawiri.

Zakeyu sanathawe. Apolisi atabwera masana, Enelesi ndi amene anayamba kulankhula, pakamwa pali potupa: "Achimwene anamupeza akundimenya. Amafuna kundilanditsa." Zakeyu anamuyang'ana, kenako ananena zomwezo. Ine palibe anandifunsa. Wapolisi anangoti, "Mayi, tapatukani galimoto ibwerere."

Maliro atatha, abale a Lufeyo anawoloka mtsinje dzuwa lili pamutu n'kutentha nyumba zonse ziwiri. Mayi ake, asewele anga a Nangondo, anaima patali atafunda chitenje. Sanaponye udzu pamoto, sanaletsenso aliyense. Enelesi anatenga ana ake awiri n'kuchoka osanena kolowera. Ine ndinatsata kumene galimoto ya polisi inalowera.

Tauni yoyamba inali ya miyala. Phiri linaima kumbuyo kwa msika, ndipo ndende inali patsinde pake. Pachipata panali msilikali wa ndevu zochepa, atakhala ndi buku lalikulu.

"Mwadzaona ndani?"

"Mwana wanga Zakeyu."

"Wogamulidwa kale kapena wa limandi?"

"Limandi n'chiyani, bambo?"

"Wodikira mlandu."

"Ndi wodikira."

Anavundukula mbale yanga ya mbatata n'kundiuza kuti ndilawe kaye. Ndinanyema kachidutswa n'kutafuna iye akundiyang'ana kummero. Ndinaganiza kuti, kodi mayi angaike chiphe m'chakudya cha mwana wake? Pambuyo pake ndinaleka kudabwa.

Zakeyu anabwera kuseri kwa waya, mutu atametedwa. Anali akadali ndi masaya.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

"Ndayenda. Mlandu akuti liti?"

"Akuti mlandu wakupha suzengedwa kukhoti laling'ono. Tidikire ajaji a khoti lalikulu."

"Abwera liti?"

"Akuti abwera."

Kuti ndikhale pafupi naye, ndinalowa m'gulu la amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu. Amene anandiphunzitsa anali Dolika, mayi wamfupi wa mkono wopindika kumanzere. Tsiku loyamba ndinkangomenya paliponse, hamala ikundibwerera, zala zikutuluka magazi. Dolika anandilanda mwalawo, anautembenuza kawiri, n'kuugogoda pang'ono. Unagawika ngati chinangwa chophika.

"Mwala uli ndi mtsempha," anatero. "Muziyamba mwaufunafuna. Mphamvu ndi za pambuyo."

Patapita miyezi ndinamufunsa za mkonowo. Anati anauthyola ndi mwamuna wake. Anapita kuchipatala, adokotala anamulembera kalata, kalatayo anapita nayo kupolisi.

"Kumeneko ndinaphunzira kuti kumenya munthu si chinthu chimodzi," anatero akupitiriza kugogoda. "Khofi lili ndi dzina lake m'buku la boma. Ukatulutsa magazi, dzina lina. Ukathyola fupa kapena kugulula dzino, ndiye kuvulaza koopsa, zaka zake n'zambiri. Wanga ali m'kati momwemo, mwina amadya limodzi ndi mwana wanu."

Ndinamuuza za mano a Enelesi. Dolika anaika hamala pansi.

"Anali nawo m'dzanja? Mayi, amenewo ndiye anali umboni wathunthu. Mukanamugwira dzanja lomwelo n'kupita naye kupolisi, bwenzi mkamwini wanu ali m'katimo wamoyo, mwana wanu ali kunja kuno akulima."

Sananene mondiweruza. Ananena ngati mmene ankandionetsera mtsempha wa mwala. Ndinagogoda mpaka madzulo osaona chimene ndinkagogoda.

Tsiku lina ndinafika pachipata, msilikali anatsegula buku, chala chake chinatsika mpaka pansi pa tsamba.

"Ameneyo anasamutsidwa. Muno mwadzaza."

Anandilozera msewu wopita kumene dzuwa limalowera. Mbatata imene ndinamutengera ndinadya ndekha panjira.

Ndinayenda masiku angapo, pena pansi, pena pamwamba pa matumba m'lole ya munthu wachifundo. Midzi inkafanana. Pamsika uliwonse, pansi pa mtengo, pankakhala munthu atawerama akumata chubu cha njinga. Ndinkazungulira kutali kuti ndisadutse kumbuyo kwake.

Malo achiwiri anali chigwa cha fodya. Ndende inali pakati pa minda, makoma ake ofiira ngati dothi la kumeneko. Msilikali wa pachipata anali wina, wonenepa, koma buku linali lomwelo ndipo mafunso anali omwewo. Ulendo uno sindinadikire. Ndinati, "Wa limandi," n'kuyamba kulawa mtedza asanandiuze.

Ntchito ndinaipeza m'chigafa cha esiteti ina, yosankha fodya. Umakhala pansi, masamba ouma ali mulu patsogolo pako, n'kumawapatula: ofiirira kwawo, oderako kwawo, ong'ambika kwawo, kenako n'kumanga ndindi, timitolo ta masamba ofanana. Pafupi nane pankakhala a Pondani, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti fodya sasankha ndi maso okha. Tsamba umalipisa m'zala, limakuuza lokha kumene likupita. Anthu ankanong'ona kuti a Pondani anakhalapo kundende chifukwa chopha munthu. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa.

"N'zoona," anatero. "Msuweni wanga. Tinakangana pamowa, anandilavulira kumaso, ndinamukankha, anagwera pamwala. Anandipatsa zaka zisanu."

"Zisanu zokha, munthu atafa?"

"Kufa n'kumodzi, mayi, koma kupha kuli pawiri. Pali kupha mwadala, pali kupha mosakonzekera. Boma limayeza nthawi. Kuchokera pamene wakuputa kufika pamene wamenya, padutsa chiyani? Ngati dzanja lathamanga mtima ukadali moto, kapena ukulanditsa munthu amene akuphedwa, amakumvera chisoni. Koma ngati unapeza mpata wokhala pansi, mtima n'kuzizira, kenako n'kudzuka kukamufunafuna, amati pamenepo sunapse mtima, unaganiza. Ameneyo ndiye amakalambira m'kati, ngati atuluke n'komwe."

Tsamba limene ndinagwira linafumbutuka m'manja mwanga. Ndinatola lina.

"Nanga amene sanagwire chida," ndinafunsa, "amene anangolankhula?"

"Kulankhula kotani?"

"Kosonkhezera."

"Woyatsa moto ndi wouzira, boma limatha kuwakhazika pabenchi imodzi."

A Pondani anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga ndindi yanga, anaimasula chifukwa ndinali nditasakaniza mitundu, n'kundimangiranso. Sanandifunse kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Lamlungu lotsatira ndinasendera pafupi ndi waya. Masaya a Zakeyu anali atayamba kulowa.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

"Ndayenda. Zakeyu, akadzandifunsa kukhoti, ndidzanene chiyani?"

Anayang'ana kumene kunali msilikali, n'kutsitsa mawu. "Inu simunaone kanthu. Munali m'nyumba ndi Enelesi."

"Nanga mawu aja?"

"Mawu ati?"

"Amene ndinakuuza pakhonde."

"Sindinamve mawu alionse, mayi. Mtedzawu mwaukazinga bwino."

Ndikanakonda akanandinyoza. Ndinabwerera kuchigafa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuopa ajaji amene ndinkawapempherera kuti abwere.

Fodya anagulitsidwa, wina anadzalidwa, nayenso anagulitsidwa. Kenako chala cha msilikali chinatsikanso mpaka pansi pa tsamba.

Tauni yachitatu inali yaikulu, ya mvula yosatha, nyumba zake zokwerana m'mapiri. Kumeneko ndinakhala wochapa zovala za anthu. Ndinkazitolera m'makomo, kutsika nazo kumtsinje, madzulo n'kuzibweza zopindidwa. Amayi a pamtsinjepo anandiphunzitsa kuti dothi lofiira limafuna kunyika, mafuta amafuna phulusa, ndipo magazi sachapa ndi madzi otentha, chifukwa amaphikira m'nsalu osachokanso.

Kundende ya kumeneko kunkabwera mayi wina wothandiza akaidi pa zamalamulo. Ankavala nsapato zafulati ndipo ankayenda mofulumira, mapepala ali kukhwapa. Tsiku lina anandipeza pamzere wa pachipata n'kundikokera pambali.

"Ndinu mayi ake a Zakeyu? Fayilo yake ndaipeza, inali inasochera posamutsa paja. Koma mboni yaikulu ndi mlongo wake, ndipo palibe akudziwa kumene ali. Mukamupeza, mlandu ungayende."

Sindinamufunefune. Ndi iye anangotulukira, monga zinthu zimatulukira kumaloto. Ndinagogoda pakhomo lina lachilendo kufunsa ngati ali ndi zochapitsa, ndipo amene anatsegula anali Enelesi. Anali atanenepa pang'ono, atavala diresi yabwino. Atatsegula pakamwa ndinaona mpata wa mano aja.

Anandilowetsa kukhitchini, osati pabalaza. Anandipatsa tiyi. Anati anakwatiwanso, mwamuna wake ndi telala, samenya. Ana anali kusukulu. Ndinamuuza za mchimwene wake, za fayilo, za mayi wa nsapato zafulati. Anamvetsera akupukuta kapu yomwe inali youma kale.

"Sindibwera, mayi."

"Ndi mlongo wako. Ali m'menemo chifukwa cha iwe."

"Chifukwa cha ine?" Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Ine ndinabwera kwa inu kuti mundithowe bala. Sindinabwere kudzapempha maliro. Lufeyo ankandimenya, inde, ndipo tsiku limenelo ndinali nditaganiza zomusiya. Ndikanamusiya ali moyo. Ana anga akanamakamuona, n'kumadana naye kapena kumukonda, mmene akanafunira okha."

"Koma unawauza apolisi kuti..."

"Ndinanama kamodzi kuti achimwene asafere m'ndende. Zimene ndinanenazo analemba, azigwiritse ntchito. Koma kuti ndikaime pamaso pa anthu, Baibulo lili m'manja, ndinenenso kuti bambo wa ana anga anafa akundimenya, sindingathe. Wamkuluyo wayamba kufunsa. Ndimamuuza kuti inali ngozi."

Kenako anawonjezera kuti, "Ndinali m'nyumba, mayi, koma khoma lija linali la dothi. Ndinakumvani."

Tiyi ndinamusiya osamaliza. Anandiperekeza mpaka pakhomo la kuseri, n'kundipempha kuti ndisadzabwerenso, chifukwa mwamuna wake ankadziwa kuti ife makolo a Enelesi tonse tinamwalira. Ndinavomera. Potsika phirilo ndinakumana ndi ana ambiri ochokera kusukulu, atafunda mapepala apulasitiki chifukwa cha mvula. Ndinayang'ana nkhope iliyonse. Adzukulu angawo sindikanawazindikira ngakhale akanandipatsa moni.

Mayi wa zamalamulo uja ndinamuuza kuti sindinamupeze. Zakeyu ndinamuuza zomwezo. Anagwedeza mutu, akutsokomola, n'kunena kuti, "Ali bwino kumene aliko, musamuvutitse." Sindikudziwa ngati anaona pankhope panga.

Malo omaliza anali chigwa chotentha, chafulati, kumene mphepo imanyamula fumbi masana onse. Ndinkakhala pafupi ndi mlatho, kwa anthu oluka mphasa, ndipo ndende inali kutsidya kwa mlathowo. Ndinaphunzira kudula bango, kuling'amba, kuliyanika ndi kulisoka ndi chingwe. Imeneyo ndi ntchito imene manja amagwira okha, mutu uli kwina. Mutu wanga unkakhala kukhoti. Ndinkaloweza mawu: ndinali m'nyumba, sindinaone kanthu. Ndikafika kumapeto kwa mzere ndinkayesa enawo: anakhala pansi, ndi ine ndinamudzutsa. Mphasa iliyonse imene ndinagulitsa inali ndi mizere ya bodza ndi mizere ya zoona, ndipo sindinadziwe kuti tsikulo likadzafika m'kamwa mwanga mudzatuluka ziti.

Pachipata sankandifunsanso dzina. Msilikali ankangoti, "Agogo a Zakeyu afika," poganiza kuti ndine agogo ake. Zakeyu anali ndi imvi m'mbali mwa makutu. Ankamwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Tinkaima, iye uko ine kuno, nthawi zina osalankhula mpaka belu.

Kenako ajaji anabwera. Anati abwera kudzachepetsa milandu ya kupha imene inaunjikana. Loya wa boma wothandiza osauka, munthu wooneka wotopa, anatikhazika m'kachipinda n'kufotokoza. Anati mbali yozenga mlandu ilibe mboni yoti iimike, choncho yavomera kutsitsa mlanduwo kuti ukhale wa kupha mosakonzekera, malinga ngati Zakeyu auvomere. Adzawerenga zimene zinalembedwa kupolisi, ajaji adzamufunsa ngati zili zoona, iye adzangoti inde.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Inu mudzakhale kumbuyo, mayi. Muzidzamvetsera."

Khoti linali chipinda chachitali cha mabenchi, mazenera ali otsegula chifukwa cha kutentha. Ndinakhala kumapeto kwa benchi yachitatu. Mlandu usanayambe, mayi wina wokalamba analowa akupapasa ndi ndodo, n'kudzakhala pabenchi yomweyo. Ndinamuzindikira ndi kafundidwe ka chitenje. Anali a Nangondo. Apolisi a kwawo anali atawatumizira uthenga, ndipo anabwera okha. Pakati pathu panali malo a munthu mmodzi, ndipo palibe anakhalapo.

Woimira boma anawerenga m'Chingerezi, wotanthauzira akubwereza m'Chichewa ndi mawu opanda mchere. Anati pa tsiku lakutilakuti, woimbidwa mlandu anapeza malemu akumenya mlongo wake, ndipo atapsa mtima anatola mpini umene unali pafupi n'kumumenya nawo m'mutu. Anawerenganso kalata ya adokotala yonena za chigaza. Zonse sizinatenge nthawi yophika mbatata.

Ajaji anali mayi wa magalasi. Anayang'ana Zakeyu n'kufunsa kudzera mwa wotanthauzira, "Wamva zimene zawerengedwa. Kodi ndi mmene zinachitikira?"

Zakeyu anagwira thabwa la kutsogolo kwake. Loya anachita kutembenuka kumuyang'ana. Ndinamva mawu akukwera kummero kwanga, sindikudziwa kuti anali ati. Iye sanayang'ane kumene ndinali.

"Ndi mmene zinachitikira," anatero.

Ajaji analankhula nthawi yaitali. Anati moyo wa munthu subwezedwa, ndipo ngakhale wolakwa ali ndi ufulu woweruzidwa ndi khoti, osati ndi mpini. Anati aganiziranso kuti malemu ndiye anayamba chiwawa, kuti wolakwayo wavomera, kuti ndi wodwala, ndiponso kuti wadikira nthawi yaitali kuposa mmene munthu ayenera kudikirira. Anagamula zaka khumi ndi ziwiri, kuwerengera kuyambira tsiku limene anagwidwa. Loya anandinong'oneza kuti zatsala pang'ono, mwina mvula ziwiri.

Palibe anandiitana. Palibe anandipatsa Baibulo. Mawu onse amene ndinaloweza anatsala m'kamwa mwanga ngati madeya.

Powatulutsa akaidi, Zakeyu anadutsa pafupi nane, dzanja lake litamangidwa ku dzanja la munthu wina.

"Mayi, zatha. Pitani kunyumba tsopano."

"Kunyumba kuti, mwanawe?"

Anatsegula pakamwa, koma msilikali anamukankha pang'ono kuti mzere uyende. Anakwera lole, ndipo lole inapita.

Ndinatsala pabwalo la khoti, pansi pa mtengo wa mthethe. Ndinamva ndodo ikugogoda kumbuyo kwanga.

"Asewele," anatero a Nangondo.

Palibe anali atandiitana choncho kuyambira tsiku la moto. Ndinagwada pang'ono. "Wawa, asewele."

"Ndamva zimene awerenga. Boma lamaliza zake, sinditsutsa. Koma inu munalipo. Ndiuzeni ine. Mwana wanga anafa akumenya munthu?"

Maso awo anali otuwa ndi ng'ala. Sankandiona bwino, komabe sindinathe kuwayang'ana.

"Ayi," ndinatero. "Anamumenya Enelesi m'mamawa, anamugulula mano awiri. Koma pamene ankafa anali atakhala pakampando kake, akumata chubu. Sanaone n'komwe chimene chikubwera."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinkadziwa. Atandibweretsera zipangizo zake, chigamba chinali chitamatidwa theka. Ndinkangofuna munthu wina anene, ndisamakhale nazo ndekha."

Akanatha kuchoka pamenepo. Ndi ine ndinawagwira chitenje.

"Pali china. Zakeyu anali atakhala pansi. Mtima wake unali utatsika, akanapita kwa ankhoswe monga kale. Ndi ine ndinamudzutsa. Ndinamunyoza kuti si mwamuna."

Mphepo inadutsa ndi fumbi, tonse tinatseka maso. Itapita, a Nangondo anali chiimire pomwepo, manja onse awiri ali pandodo.

"Zimenezo sindinkadziwa," anatero.

"Mukafuna, tibwerere m'katimo ndikanene."

"Kuti atani? Akutsekereni inunso? Awonjezere zaka za mwana wanu? Lufeyo sadzuka." Anapuma mozama. "Mwana wanu wamkazi anabwera kwanga kawiri, nkhope itatupa. Ndinamuphikira, n'kumuuza kuti banja ndi kupirira, n'kumuperekeza mpaka pamtsinje. Ndimaganiza zimenezo masiku onse. Koma musandipemphe kuti ndikukhululukireni, asewele. Ndilibe. Ndafufuza mumtima muno, mulibe."

"Sindipempha."

Tinaima choncho. Anthu a milandu ina ankalowa ndi kutuluka. Kenako a Nangondo anatembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku yosochera.

"Pokwerera galimoto ndi mbali iti? Pobwera anandilondolera munthu, koma maso angawa."

Ndinawagwira pachigongono. Dzanja lawo linauma kaye, kenako linalola. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pasiteji. Minibasi yolowera kwawo inkadutsa pamlatho pamene ndinkakhala, choncho ndinakwera nawo, n'kumuuza kondakitala kuti anditsitse pamlatho. Anatipanikiza pampando wakumbuyo, phewa ndi phewa, chifukwa malo ena kunalibe.

Galimoto itangotuluka m'tauni, mutu wa a Nangondo unayamba kugwedera. Anali atayenda masiku awiri. Unagwa kamodzi, anaudzutsa. Unagwanso, n'kutsamira paphewa langa, ndipo sunadzukenso. Unali wopepuka ngati wa mwana. Ndinkamva mpweya wawo pakhosi panga.

Ndinaona bango langa litayanikidwa m'mbali mwa msewu, ndi makoma a ndende kutsidya. Kondakitala anamenya denga la galimoto, dalaivala anachepetsa liwiro.

"Amayi a pamlatho, mwafika."

Ndinayang'ana mutu wa imvi umene unali paphewa langa. Kuti nditsike, ndinayenera kuwadzutsa.

"Pitirirani," ndinatero motsitsa mawu. "Agona."